Ng'ona ya pa Dooko Lathu Ilibe Ofesi

Lolemba ng'ona inalanda chidebe m'manja mwa mlongo wanga Esinati pa dooko lathu ku Mphuka. Dzanja anabwerera nalo kunyumba. Koma m'mawa mwake anapitanso pomwepo, poti mjigo wathu unafa chaka chatha ndipo ana samwa malonjezo.

Popeza pabanja pathu ndine ndinapondako ku koleji, ngakhale ndinachokako aphunzitsi asanandizolowere, anandituma ku Boma kukadandaula. Ndinavala jekete.

A zanyama anandilandira bwino. "Ng'ona ndi yathu, sitikana. Koma mjigo si wathu." A zamadzi anati mjigo ndi wawo, mtsinje ayi. A zansomba anafunsa ngati ng'onayo yang'amba ukonde wa munthu. Achifundo kuposa onse anali a zaumoyo: "Ikamuluma, mubwere naye msangamsanga."

Ndinathokoza paliponse. Ndinaleredwa bwino.

Tsono abale, musaganize kuti anthuwa ndi aulesi. Ine ndinawaona nthawi ya kolera. Anthu omwewa anapanikizana m'motoka imodzi, wina atanyamula mankhwala a m'madzi pamiyendo, wina chimkuzamawu, aphunzitsi ndi apolisi kumbuyo. Palibe anafunsa kuti chimbudzi ndi cha ofesi iti. Ntchito inali imodzi, aliyense ankatha kuitchula, ndipo woyankha zikalephereka ankadziwika ndi dzina.

Nanga n'chifukwa chiyani timakumbukira nzeru imeneyi pokhapokha maliro akachuluka? Ng'ona idye angati kuti iyenerere motoka imodzi?

Boma likafuna kuthetsa vuto, liyambire pa vutolo, osati pa zitseko. Linene chinthu chimodzi chomveka ngakhale kwa ine wosamaliza sukulu: mvula isanagwe, mayi aliyense ku Mphuka azitunga madzi popanda kuyang'ana m'madzi ngati muli maso. Kenako wa mjigo akonze mjigo, wa zanyama atchinge dooko ndi waya, ife tidule mitengo. Pakhale mmodzi womufunsa.

Mawu amenewa ndinawalemba bwinobwino papepala n'kuwerengera Esinati, nditaimirira.

"Iwe Jairosi," anatero, "manje pepala lako ng'ona iwerenga?"

"Ndi la mabwana, ba sisi."

"Unapita wekha, anakuona ngati wofuna nchito. Lachisanu tipita tonse."

Wauza kale amayi a pa dooko, ndipo wa lole ya makala wavomera kuwanyamula. Akuti sakayenda khomo ndi khomo monga ndinachitira ine. Akakhala pakhonde limodzi mpaka mabwana anayiwo atalowa m'chipinda chimodzi n'kutuluka ndi tsiku.

Ndinamuchenjeza mwaulemu kuti benchi ya kumeneko imakwana anthu asanu okha.

"Tikhala pansi," anatero. "Kumeneko kulibe choluma."