Tsiku Limene Abuluzi Anatuluka Mumchenga

M'maganizo ndimaonabe timizere ta michira ya abuluzi pamchenga wa mtsinje wa kwathu, kumunsi kwa Kandeu. M'chilimwe mtsinjewo unkauma gwa. Mchenga unkaotcha mapazi, mphepo inkanunkha ndowe zouma ndi utsi wa lupsa. Abuluziwo anali ang'onoang'ono, amizeremizere, a michira yaitali. Sanali a pakhoma aja, kapena gulo wa mumtengo. Kwawo kunali mumchenga basi. Tinkawathamangitsa ndi miyala, koma akafika pothera mchenga, pamene payambira dothi lofiira, ankatembenuka n'kulowa m'mauna awo. Malire amenewo sankawadumpha.

Chaka chimenecho bambo anali kumigodi ku Joni. Amayi ankati nyama ikaoneka pamalo posakhala pake ndi malodza, kwinakwake m'bale wafa. Mawuwo ndinawasunga.

Masana ena, mvula isanayambe kwathu, anandituma kukatunga madzi ndi mlongo wanga wamng'ono, Esinati. Tinafukula dzenje pakati pa mtsinje, iye n'kulowamo ndi chikho, mutu wokha ukuoneka. Kunali zii. Kumapiri kokha ndiko kunali bii. Kenaka buluzi anandidutsa paphazi. Wina anatsatira, ndi enanso ambiri. Onse anakwera gombe n'kulowa m'munda, m'dothi lofiira.

M'maganizo ndinaona bambo atakwiririka mumgodi, kudziko la eni. Ndinamukoka dzanja Esinati, iye akulirira mtsuko umene tinausiya, n'kuyamba liwiro. Tili pamtunda ndinamva mkokomo kumbuyo, koma sindinacheuke.

Nditafika pakhomo ndinafuula kuti, "Amayi, abambo amwalira. Abuluzi atuluka mumchenga."

Maso a amayi anali kumtsinje. Mvula inali itagwa kumapiri, ndipo madzi ofiira anali atadzaza mpaka m'magombe, akukokolola mitengo ndi mbuzi ya munthu wina. Pamene panali dzenje lathu sipankadziwikanso. Amayi anakhala pansi, n'kumufungatira Esinati mwamphamvu mpaka mwanayo anadandaula.

Ine mantha oti bambo amwalira sanandichoke kufikira tsiku limene anatulukira pabwalo, ali moyo, akutsokomola. Chimene abuluzi anamva tsiku lija sindichidziwa. Kusukulu ya mishoni sanatiphunzitse. Ndinathawa maliro a kutali, osadziwa kuti enieniwo anali kumbuyo kwanga. Mchenga uja anthu anauwola n'kumangira nyumba, abuluzi anapita. Esinati ndi gogo tsopano. Mpaka lero amandiimba mlandu wa mtsuko.