Chitsekerero cha a Lameck

A Lameck amasoka nsapato pakhonde la shopu yanga yometera tsitsi pa Khombedza, ndipo ndakhala ndikumva matama awo zaka khumi ndi ziwiri. Munthu wamfupi, wamagalasi omangidwa ndi ulusi, koma pakamwa ngati wailesi. Chowawa n'chakuti matama awowo nthawi zambiri amakhala oona.

Chiyambire pamene atsikana a pakoleji ya mishoni kumtunda kuno anayamba kusewera basiketibo, msika wonse unapenga nawo. Ine ndinaika mabotolo awiri a meyonezi pawindo, limodzi la timu yathu, lina la alendo. Wofuna kubetcha amagula chitsekerero cha Fanta, n'kulembapo dzina lake, n'kuchiponya m'botolo la timu yomwe akuikhulupirira. Olosera bwino amagawana zonse. Munthu ukangodutsa pamsewu n'kuona botolo lomwe ladzaza, umadziwa kuti Khombedza ikuganiza chiyani.

Koma ambiri sankaganiza n'komwe. Ankangodikira a Lameck. Nsapato za timu yonse zinkadutsa m'manja mwawo, ndipo ankaziwerenga ngati nyuzipepala. "Uyu akuthamanga m'mawa uliwonse, taonani chidendene. Uyu ndi waulesi, soli ikadali yatsopano." Masewero khumi ndi asanu ndi anayi analosera osaphonya, ndipo aliyense wobwera kudzasoketsa patapata ankauzidwa nambala imeneyo, afune asafune.

Chaka chatha, kutatsala masiku atatu kuti tikumane ndi koleji ya ku Nkhotakota, botolo lathu linali litasefukira kale, a Lameck asanaponye n'komwe chitsekerero chawo. La alendo munali zitsekerero zinayi zokha, ziwiri mwa izo za munthu woledzera. Chifukwa chake chinali Tiwonge, mtsikana wamtali wochokera ku Rumphi amene ankagoletsa ngati akuponya chimanga m'dengu.

Lachitatu masana Tiwonge anafika pakhonde ndi nsapato imodzi m'jumbo. Ine ndinali m'kati ndikutsuka makina, ndipo zonse ndinamva.

"Madala, mundikulitsireko iyi. Ikundithina."

A Lameck anaitembenuza. "Yakumanzere yokha? Phazi limakula limodzi masiku ano?" "Soli yadyeka mbali imodzi. Ukupondera kunja, mwana wanga. Tavula sokosi."

Ndinasuzumira. Pakakolo panali patatupa, pabiriwira.

"Chonde musauze aphunzitsi," anatero Tiwonge. "Mwaliona botolo lija? Amayi a mandasi, anyamata a kabaza, onse aikamo chifukwa cha ine. Ndikapanda kusewera ndidzayenda bwanji mumsika muno?"

"Ukasewera ndiye sudzayendamo n'komwe."

Tiwonge analira mpaka a Lameck analonjeza kuti pakamwa pawo sipatuluka mawu. Atapita, mkuluyo anakhala ola lathunthu osayankhula. Ndinachita mantha, chifukwa sindinawaonepo ali chete.

Lachinayi ndi tsiku lomwe a Lameck ankaponya chitsekerero chawo, ndipo anthu anadzaza pakhonde monga mwa nthawi zonse. Analemba dzina lawo pang'onopang'ono, anachikweza m'mwamba kuti aliyense aone, n'kuchiponya m'botolo la Nkhotakota. Chinalira kuti ngwee, popeza botololo linali pafupifupi lopanda kanthu.

Phokoso lake! "Mwagulidwa, madala!" "Mwaona chiyani?" Iwo anangotenga zingano n'kuyamba kusoka nsapato ya wapolisi. Nkhani inakwera kabaza, ndipo dzuwa lisanapendeke mphunzitsi wa timuyo, mayi Jacqueline, anali atafika.

"A Lameck, nsapato za ana anga zakuuzani chiyani?"

"Ine sindinanene kanthu, mayi, ndipo sindinena. Ndangobetcha ngati wina aliyense."

Mayiwo si mwana. Anabwerera kukoleji, anaimika atsikana onse pamzere n'kuwavulitsa nsapato mmodzimmodzi. Madzulo Tiwonge anali kuchipatala, ndipo kumeneko anapeza kuti fupa linali litang'aluka. Anamuika pulasitala.

Nditawafunsa a Lameck ngati sanaswe lonjezo, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndinalonjeza pakamwa. Dzanja silinalonjeze kanthu."

Tsono tamverani zomwe zinachitika Loweruka. Atsikana athu, atakwiya kuti wosoka nsapato wawanyoza, anasewera ngati alumidwa ndi mavu. Triza, kamtsikana komwe kankangokhala pabenchi, kanagoletsa mphindi yomaliza, ndipo tinapambana ndi mapointi awiri. Tiwonge ankakuwa pambali ndi ndodo zake.

Msika sunawakhululukire a Lameck. Anyamata a kabaza anawapatsa dzina loti Nkhotakota, ndipo mpaka lero amawakuwiza nalo. Masiku a Lachinayi pakhonde sipadzazanso. Za phazi lija sanauze munthu, ngakhale mawu amodzi akanakwanira kuwabwezera ulemu wawo. Zimenezi zimandipweteka ine kuposa eni ake, ndipo ndikunena pano chifukwa ine sindinalonjeze kanthu kwa aliyense. Iwo amangoti, "Khumi ndi asanu ndi anayi ndinalosera. Lamakumi awirilo sindinkalosera mpira."

Tiwonge anatha miyezi isanu osawapatsa moni. Ankadutsa tsidya lina la msewu, nkhope atayang'ana kumbali. Mwezi wathawu anabwera, anaima pakhonde, n'kuika nsapato ziwiri pabenchi.

"Madala, zikufuna soli."

A Lameck anatenga yakumanja, kenako yakumanzere. Anazigundanitsa, anayendetsa chala chachikulu pazidendene zonse ziwiri, ndiye anandiitana mokuwa ngati ndili kutali.

"Clifton! Tabwera udzaone! Zadyeka mofanana!"