Tsitsi la Tisa ndi Makina a Atate

Chaka chimene migodi inkagulitsidwa, khonde lathu kukomboni ya Ndeke linkanunkha guluu ndi labala wotentha. Atate anali atachotsedwa ntchito ku ofesi ya mgodi, koma m'mawa uliwonse ankavalabe malaya ositidwa bwino, n'kukhala pakhondepo ndi pulayazi m'manja. Inali nyengo yozizira, ya mphepo youma ija yong'amba milomo, yolowetsa fumbi mpaka m'makapu a m'kabati.

Nyengo yomweyo kunabwera msuweni wanga Tisa, mwana wa azakhali a ku Mushili, ku Ndola. Fakitale imene azakhali ankagwirako inali itatsekedwa, ndipo iwo anapita kumalire a Congo kukayesa malonda. Tisa anali msinkhu wanga. Anafika ndi kachikwama kamodzi ndi tsitsi lalitali, loongoledwa ndi chipeso chamoto. Langa linali lalifupi, lolimba ngati waya wotsukira mapoto.

Chimene atate ankapanga pakhonde chinali makina a mphezi. Anaimika paipi ya pulasitiki imene anaipeza kumsika wa Chisokone, mkati mwake n'kupitsamo lamba wa labala, pamwamba n'kuvundikira beseni la amayi la aluminiyamu. Pansi anamangirira gudumu la makina osokera akale. Ukapukusa gudumulo, beseni linkayamba kulira motsitsa ngati mafuta pamoto, ndipo ukayandikiza chala, kamoto kabuluu kankalumpha kuti tcha!

Ntchito yanga inali kupukusa. Tisa ndiye ankakwera pa kireti ya pulasitiki, manja onse pabeseni, ndipo tsitsi lake linkadzuka pang'onopang'ono mpaka kuima lonse ngati tsache latsopano. Ana a mumsewu mwathu ankapanikizana pampanda, akukuwa m'Chibemba kuti anzawo abwere adzaone. Atate ankaseka mpaka kupukuta misozi, kuseka kumene sindinakumvepo chiwachotsere ntchito. "Tisa mwanangu, usaope, uli bwinobwino," ankatero. Kwa ine mawu anali ena: "Mable, chepetsa! Udula lamba iwe!"

Mkono unkandiwawa, koma chimene chinkandipweteka kwenikweni chinali mawu akuti mwanangu. Ndinayamba kudana ndi chilichonse cha Tisa: mmene ankapesera tsitsi mwakachetechete, mmene ankanenera zikomo pa kanthu kalikonse. Kuseri kwa nyumba ndinkakwecha chipeso pa juzi yanga n'kumanyamulira tizidutswa ta pepala. Tizidutswato tinkalumphadi n'kumamatira kuchipeso, koma panalibe woonera.

Tsiku lina ndinapinda manja n'kukana kupukusa. Atate anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chabwino, kwera," anatero. Tisa anagwira gudumu. Ndinamva ngati nyerere zikuyenda m'mikono, ubweya wa pakhungu ukudzuka, ndipo ndinatseka maso kudikira kukuwa kwa ana. Kunali zii. Kenako mnyamata wina anaseka, onse n'kutsatira. Tsitsi langa silinasunthe ngakhale limodzi.

Ndi manyazi ndinachotsa dzanja kuti nditsike, chigongono n'kuyandikira paipi yachitsulo ya khonde. Kamoto kanandibaya mpaka m'mano. Ndinalira mokweza.

"Ndinakuuza chiyani za kutsika gudumu likuzungulira?" anakalipa atate, akundigwira paphewa. "Sumamva iwe! Makutu ako ndi okongoletsa mutu?"

Tisa anali atasiya gudumu, akutiyang'anitsitsa. Ndinaona ngati akusangalala kuti andikalipira, ndipo sindinamulankhule kwa masiku angapo.

Mvula itayamba, mpweya unanyowa ndipo makina aja anafooka. Ngakhale upukuse chotani, beseni linkangokhala duu. Amayi analitenga n'kubwerera nalo kukhitchini, atate anayamba kukonza mawailesi a anthu, ndipo Tisa anakhala nafe mpaka kumaliza sukulu. Azakhali ankabwera mwa apo ndi apo, kenako anasiyiratu.

Tili akuluakulu, tili mu minibasi yopita ku Ndola, ndinamuuza moseka mmene ndinkamuchitira nsanje. Sanaseke.

"Nsanje inali yanga," anatero. "Amalume ankakukalipira iwe. Ine sanandikalipirepo ngakhale kamodzi. Ndinkadziwa kuti mlendo sakalipiridwa."

Ndili mwana ndinkaganiza kuti atate anasankha Tisa n'kundisiya ine pagudumu. Sindinkadziwa kuti mawu ofewa aja anali a munthu amene akusamala mwana wa mwini, woopa kuti angasweke. Ine ndinali wa m'nyumba, ndipo pa ine atate sankasankha mawu.