Chidebe cha Amachubu Chitasiya Kupuma

Anthu ankawatchula kuti Amachubu chifukwa moyo wawo wonse ankamata machubu a njinga ndi a galimoto pakakhumbi ka pafupi ndi pokwerera basi. Sanali munthu wa nkhani. Wina akabwera ndi tayala, iwo ankangomulozera benchi n'kuyamba kupopa. Mawondo atayamba kukana, anasiyira mng'ono wawo kakhumbiko n'kukhala pakhomo.

Kufulula mowa anakuphunzira atakalamba kale, kwa dalaivala wina amene ankakonda kuwabweretsera matayala. Sunali mowa wogulitsa. Chinali chidebe chimodzi chapulasitiki, chimera, timasamba towawa ta m'paketi ndi yisiti. Pachivundikiro anaboola kabowo n'kulowetsa kapaipi, ndipo kunsonga kwake kunkamira m'botolo la madzi. Mowa ukayamba kuwira, mpweya unkatulukira m'botolomo, bwu, bwu, mkuluyo ali pampando kumvetsera ngati watsegula wailesi.

Malo a chidebecho anali kukhitchini, pakona pofunda. Koma chaka chimenecho mwana wawo wamkazi anabwera ndi khanda, khitchini n'kudzaza mabeseni ndi matewera. Akazi awo anati mwana sangamapume fungo la chimera. Amachubu sanatsutse. Ananyamula chidebe n'kukachiika m'kachipinda kosungira zitsulo, komwe dzuwa silinkafika, pasimenti pozizira ngati mwala wa mumtsinje. Inali nyengo yachisanu.

Masiku anapita, m'botolo muli zii.

Akazi awo anawakumbutsa kuti mowa wa ulendo watha nawonso unathera m'ngalande. Anati ngati uwu wafa, Loweruka autaye, chidebe chikhale chonyikamo matewera, ndipo za kufulula zithere pomwepo. Amachubu anagwedeza mutu kuvomera, ndipo panyumbapo aliyense ankadziwa kuti iwo akagwedeza mutu sabweza.

Kutsegula kuti asuzumire sanafune, poopa kulowetsa mphepo. M'malo mwake anavula juzi yawo n'kuveka chidebe, pamwamba n'kuika chipewa chaubweya. Mkamwini wawo atabwera kudzaona khanda, anaima pakhomo la kachipindako manja ali kumbuyo, n'kufunsa mwaulemu ngati mdzukulu winayu anamupatsa kale dzina. Mwana wamkazi uja anaseka mpaka khanda linadzidzimuka.

"Abambo," anatero akazi awo, "juzi imafunditsa munthu chifukwa munthu ali ndi magazi. Chidebe chanucho chili ndi magazi?"

Mumtima Amachubu ankadziwa kuti mayiwo akunena zoona.

Loweruka m'mawa analowa m'kachipindamo, anavula chidebe juzi, n'kugwira chigwiriro kuti anyamule. Koma manja anakana. Pantchito yawo yonse sanatayepo chubu asanachiyese. Anapita kukhitchini, anatunga madzi a sopo m'beseni losambitsira mwana, n'kubwerera nawo m'kapu. Anagwada movutikira, n'kupaka madziwo ndi chala kuzungulira mlomo wonse wa chivundikiro. Kenako anadikira.

Pafupi ndi chigwiriro, kathovu kanayamba kufufuma pang'onopang'ono, kanakula ngati diso la nkhuku, n'kuphulika.

Anamvetsa zimene zinachitika. Chisanu chinalimbitsa pulasitiki, chivundikiro osagwira bwino. Yisiti sanafe, ankangogwira ntchito mwaulesi chifukwa cha kuzizira, ndipo mpweya wochepawo unkazemba pampata m'malo mokakankha madzi a m'botolo.

"Amayi, tabwerani."

Akazi awo anabwera akupukuta manja, anawerama, n'kuona kathovu kena kakufufuma.

"Ndi sopo ameneyo."

"Sopo sadzipopa yekha."

Mayiwo anakhala chowerama mpaka kathovu kachitatu, ngati akufuna kukagwira bodza. Amachubu anatenga lumo, anadula lamba wautali pachubu chakale, n'kumanga mozungulira chivundikiro, kukoka mwamphamvu mpaka mitsempha ya padzanja kuonekera. Onse awiri anayang'ana botolo. Kukhitchini khanda linalira n'kutonthola. Panapita nthawi ndithu, kenako m'madzi muja munatuluka mpweya kamodzi, bwu.

Akazi awo anafunsa kuti pa liwiro limeneli mowawo upsa liti. Iwo anati sakudziwa, mwina kukayamba kufunda, koma dalaivala uja ankati wowira pang'onopang'ono suwonongeka, umangofuna munthu wosapupuluma. Mayiwo anati ngati n'choncho mowawo wapeza mwini wake, chifukwa ngakhale kufunsira mbeta kunawatengera Amachubu chaka akungobwera kudzapopa njinga ya achimwene a mayiwo yomwe inali yopopa kale.

Amachubu anayang'ana pansi.

Mayiwo anadzuka atagwira m'chiuno, anasuntha zitsulo pakona, n'kusolola thabwa lakale la alumali. Analiponya pafupi ndi mapazi a amuna awo.

"Chichotseni pasimentipo, chikhale apa. Matewera ndinyika m'beseni."

Anagwirizana chidebecho awiri, wina uku wina uku, n'kuchikweza pathabwa mosamala kuti chisagwedezeke.