Theka la Mutu wa a Telala

Wometa wa mumsewu uno amatchedwa a Wayilesi, ndipo dzinali silinawagwere mwangozi. Bambowa anabadwa akulankhula. Akuti azamba asanadule n'komwe mchombo, iwo anali atawafunsa kale za kunyumba. Kachipinda kawo kometera n'kakang'ono: mpando wozungulira, galasi long'aluka pakona, benchi, ndi soketi imodzi yokha m'munsi mwa khoma, yolumikizira makina.

Kametedwe kawo n'kawokawo. Amayamba kumanzere, akafika pakati pa mutu n'kuzimitsa makina. Apo ndiye nkhani yayambika. Ungathawire kuti ndi theka la mutu? Kale munthu unkangokhala, nsalu ili m'khosi, kumva za khoswe amene anaba njinga ya wapolisi. Benchi inkadzaza, ngakhale adazi opanda chometa ankabwera kudzangotsutsa. "Bodza, a Wayilesi!" Mawu amenewo ndiwo ankawanenepetsa.

Kenako kunabwera mafoni opalasa ndi chala aja, makosi onse n'kupindika. Masiku ano a Wayilesi akazimitsa makina, wometedwa sadziwa n'komwe. Wina anakhala pampando mpaka tsitsi la kumanzere linameranso. Kunyumba nako, mayi amaseka ndi chikhatho chawo, ana amayankha "mmm". A Wayilesi anaonda thupi lonse kupatula masaya, momwe munadzaza nkhani zosanenedwa.

Womvera anatsala mmodzi: alamu awo, a Telala, achimwene a akazi awo, eni kafoni ka mabatani komanga ndi mphira. Masana aliwonse ankatseka makina osokera n'kubwera kudzatsutsa. A Wayilesi ankawasamala ngati dzira. Ankadziwa kuti khutu limeneli likapita, basi kwatha.

Ndiye mwana wamkazi wa a Telala, mwachikondi chake, anagulira bambo ake chifoni chachikulu ngati chitseko.

Tsiku lometa, a Telala analowa mutu uli pansi.

"Alamu, dzutsani mutu," anatero a Wayilesi.

"Mmm."

Anameta kumanzere, anazimitsa makina, anayamba ya khoswe ija ndi mphamvu zawo zonse. A Telala anaseka mpaka misozi. Mtima wa a Wayilesi unadumpha ndi chimwemwe. Koma atasuzumira pagalasi, anaona kuti alamu awo akuseka mbuzi yovina pa foni.

"Alamu, sankhani. Chinthucho chilowe m'thumba, apo ayi mutuwu sindimaliza."

"Mmm," anayankha a Telala. Anaimirira, nsalu inagwa yokha, n'kutuluka chala chikupalasabe.

A Wayilesi anaima pakhomo kudikira kuti msewu uwabweze. Kale mutu wotero sukanayenda kutali: ogulitsa akanasiya malonda, agalu akanakomoka ndi chiseko. Koma mutu uja, mbali ina nkhalango mbali ina bwalo la mpira, unadutsa msika wonse popanda wokweza maso. Kunyumba kwawo nako palibe anaona.

Apa ndi pamene a Wayilesi anachita mantha enieni.

A Telala sanabwere mawa lake, ngakhale mkuja. A Wayilesi anayesa kufotokozera tsache, tsache silinatsutse. Anayesa galasi, koma munthu wa m'galasimo nkhani zonse ankazidziwa kale. Anagwira kasitomala wina mkono n'kumupempha, "Achimwene, ingonenani kuti ndikunama, ndikumetani ulere." Iye anachotsa kachingwe kukhutu n'kufunsa, "Mwati bwanji, madala?" A Wayilesi anayamba kuganiza za maliro awo: anthu ali zyoli, osati chifukwa cha chisoni ayi.

Tsiku lina magetsi anazima mbali ya kwa a Telala. Posakhalitsa anatulukira akuthamanga, thukuta likutsetsereka mbali yometedwa, chaja ili m'manja.

"Alamu, soketi! Foni yafa! Yangoti bii!"

A Wayilesi sananene za mkangano uja. Anazula makina awo, analumikiza foni, n'kuigoneka pansi pa benchi poti chingwe chinali chachifupi. A Telala anakhala pampando wozungulira. Manja awo ankasowa pogwira. Chala chinkapalasa bondo chokha.

"Khoswe uja," anayamba a Wayilesi, "sanathere pa njinga. Anabwereranso kudzatenga chipewa."

Kenako khosi la a Telala linawongoka, linachita kulira ngati chitseko chakale.

"Chipewa cha wapolisi? Mutu wa khoswe? Bodza, alamu!"

A Wayilesi anatembenukira kukhoma ngati akufuna burashi, kuti misozi isaoneke. Pansi pa benchi foni inaphethira, moyo ukubwerera. A Wayilesi anasendeza phazi pang'onopang'ono, chidendene n'kukanikiza swichi. Thii.

"Ikulowa moto, alamu?"

"Ikulowa, koma magetsi a lero ndi aulesi. Muipatse nthawi."

A Telala anadziona pagalasi n'kudzidzimuka. "Aaa! Mutu wangawu wandichita ndani?"

"Soketi ndi imodzi, alamu. Foni ikakhuta timaliza."

"Ndayenda chonchi mumsewu?"

"Musadandaule, sanakuoneni munthu."

Ndipo anapitiriza ya khoswe, mofulumira, osapuma, osameza malovu, chidendene chili pa swichi, diso lili kutsidya kwa msewu, pa babu la pakhonde la a Telala, lomwe likanatha kuyaka nthawi ina iliyonse.