Tsiku limene Dailesi anatsegula pakamwa

Lachiwiri lapitali ndinali kuchipatala china kuno ku Katete, kudwazika mkulu wanga. Pa bedi loyandikana nafe anagonekapo amake Dailesi, anansi athu a kumudzi ku Sinda. Anafika nawo thukuta lili kamukamu, dovu lili chuchuchu, akupuma mobanika. Amuna awo, a Banda, ankangouza aliyense kuti ndi malungo.

Dokotala amene anadzawaona ndi mlendo wa kutsidya la nyanja, Chichewa chake chimathera pa moni. Nesi womasulira anali atathamangira kwa wodwala wina. Dokotala akafunsa, a Banda ankangogwedeza mutu. Ine ndinali kochapa, ndipo pobwerera, beseni lili m'manja, ndinamva mawu a mtsikana akulankhula Chingelezi.

Anali Dailesi, abale!

Mwanayu ndamuona akukula. Anasiya sukulu mu Giredi 9, aphunzitsi atauza atate ake kuti Chingelezi chinamukana, akamufunsa m'kalasi amangoti duu. A Banda anati basi, kulima kulipo, agwire khasu.

Ndiye uyu anaima pamaso pa dokotala. Chingelezi chake chinali chothyokathyoka, pena mawu akamuthawa ankalozera ndi manja. Koma anafotokoza zonse: kuti dzulo lake amake anapopera mankhwala m'munda wa thonje kuli mphepo, osaphimba kumphuno, ndiponso kuti chopoperacho chinkadontha, malaya onse kumsana ananyowa.

Amayi ena odwazika anayamba kutsinana. Mmodzi anachita kunena mokweza, "Tamumvani mzungu wa ku Sinda!" Ndinapsa mtima, ndinangotsala pang'ono kumuponyera beseni lija. Munthu akulimbana ndi imfa, iwe mano pamtunda?

Dailesi sanacheuke n'komwe. Dokotala anasintha nkhope atazindikira kuti si malungo koma poizoni wa mankhwala opopera aja, n'kuitanitsa nesi msangamsanga, mankhwala n'kusintha pomwepo.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chingelezicho Dailesi anali nacho kalekale. Chimene analibe ndi chifukwa chochilankhulira choposa manyazi ake.

Nanga ife ana athu a sukulu timawapatsa chifukwa chotani cholankhulira Chingelezi? Timati phunzira upambane mayeso. Mayesowo ndi olemba, pakamwa safunikapo. Timati udzapeza ntchito, mwana akuona mkulu wake wa satifiketi akupalasa njinga ya hayala pa siteji. Kusukulu zina akalankhula Chichewa amamupatsa chibalo chothirira maluwa. Akayesa Chingelezi n'kuphonya, kalasi yonse imagwa ndi phwete. Akafika nacho kumudzi timati wayamba matama, ukufuna kutitukwana tisakumva. Ndiye mwana wanzeru atani? Amasankha kukhala chete, chifukwa wokhala chete sasekedwa.

Pitani ku Vubwi mukaone. Amayi ogulitsa nyemba kumalire amatola mawu a Chipwitikizi popanda bolodi kapena choko, amalankhula molakwitsa, malonda n'kuyenda. Anyamata ogulitsa nzimbe m'mbali mwa msewu waukulu amatsutsana mtengo ndi madalaivala a maiko ena m'Chingelezi choduka miyendo, ndipo sachita nacho manyazi. Kodi iwowa ndi anzeru kuposa ana athu a m'kalasi? Ayi ndithu. Kungoti ali ndi chinthu chimene akufuna kuti munthu winayo amve.

Sindikunyoza Chichewa chathu, ndi chimene ndikulemberamo pano. Chimene chikundiwawa n'chakuti tikutaya ana, n'kumawatcha mbuli, pamene tinawatseka pakamwa ndife tomwe ndi kuseka kwathu.

Lachisanu amake Dailesi anadzuka, anakhala tsonga, n'kumwa phala. Ndinapeza a Banda ndi mwana wawo atakhala pakhonde la wodi. Bamboyo anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu.

"Iwe Dailesi, si paja aphunzitsi ankati sudziwa?"

"Ndinkadziwa pang'ono, atate," anayankha ali chowerama. "Koma kusukulu ndikalakwitsa ankandiseka. Apa ndinaona kuti ndikakhala chete, amama tikawaika."

A Banda anavula chipewa n'kuphimba nacho kumaso, ndipo ine ndinalowa m'wodi misozi ikulengeza.

Dailesi tsopano ndi wamkulu, anzake amene ankamuseka ena ali ku koleji. Ngati adzabwerere kusukulu sindikudziwa. Koma m'makalasi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi mwadzaza anzake ongoti duu, ndipo mawa m'mawa wina adzaimika mkono mwamantha, n'kuphonya liwu limodzi.

Inu amene mudzakhale pafupi naye, mudzamuseka? Kapena tidikire kuti mayi ake agone pa bedi la chipatala kuti timve mawu ake?