Botolo loyamba la mgolo wa Royce

A Hollis Cundiff anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu pa fakitale yotcheza wisiki ya banja la a Thornsberry, koma palibe munthu mu Kentucky muno amene anawaonapo akumeza ngakhale dontho. Anali dikoni wa mpingo wa Baptist. Ntchito yawo inali m'nyumba zosungiramo migolo, zija zazitali, zakuda ndi nkhungu, zosanja kasanu ndi kawiri. Ankagubuduza migolo, kuziba yothonya, koma chimene ankadziwika nacho chinali mphuno. Akazula chotsekera n'kununkhiza pabowo, ankatha kukuuzani kuti mgolowo wagona nsanjika iti, mbali ya dzuwa kapena ya mthunzi, ndiponso kuti watsala zaka zingati kuti upse. Kukafunika kulawa, ankalavulira m'chitini, n'kupukuta pakamwa msangamsanga ngati munthu amene wapsompsona mkazi wa mwini.

Kumpingo kwawo nkhani imeneyi anaikonza kalekale. Kupanga mowa ndi ntchito, munthu adyetse ana ake; kumwa ndiye tchimo. Theka la anthu a mumpingomo linkadya za wisiki yemweyo, uyu wolima chimanga, uyo wopala matabwa a migolo, koma Lamlungu onse ankagwedeza mitu abusa akamadzudzula botolo. Ife Akatolika timaziseka zimenezi, poti kwathu paukwati ansembe ndiwo amayamba kufunsa kuti kapu yawo ili kuti. Ine ndinkaseka kuposa wina aliyense. Dzina langa ndine Marlene Hagan, ndimalongedza katundu pafakitalepo, ndipo a Cundiff anandidziwa ndisanamere mano.

Tinali ndi mwambo umene sunalembedwe paliponse. Wantchito wa Baptist akapuma pantchito, kapena akakwatitsa mwana, palibe amene ankamupatsa botolo m'manja. Iye ankaimika pikapu yake kuseri kwa shedi ya chimanga, n'kusiya chiguduli kumbuyo kwa galimotoyo, kenaka n'kulowa mu ofesi kukacheza za mvula ndi mpira. Potuluka ankapeza chiguduli chatupa. Sankathokoza, ndipo woikayo sankadziwika. Ine mwambowu ndinkauona ngati masewera a ana.

A Cundiff ndi akazi awo, a Verna, anali ndi mwana mmodzi yekha, Royce. Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, Royce anagwira ntchito ndi bambo ake chilimwe chimodzi. Tsiku lina anadzaza mgolo awiriwiri, mnyamatayo n'kulemba dzina lake pachivundikiro ndi utoto wakuda, zilembo zopindika ngati za mwana wa sukulu. Anaukweza okha pansanjika yachisanu ndi chimodzi, pafupi ndi zenera la kumadzulo. Novembala wa chaka chomwecho galimoto ya Royce inagubuduka pamlatho, ndipo anafera pomwepo.

Pamaliropo, a Cundiff sanakhetse msozi, anthu anaona. Koma kwa zaka khumi ndi zitatu, m'mawa uliwonse ankakwera makwerero a m'nyumba ya migoloyo mpaka pamwamba, n'kukaika dzanja pamgolowo asanayambe ntchito ina iliyonse. Nambala yake ikatuluka pamndandanda wa migolo yokathira m'mabotolo, iwo ankangoti, "Sunapse." Mwini fakitale, Mayi Thornsberry, ankayankha kuti, "Mwatero, a Cundiff," n'kukhwatcha nambalayo. Tonse tinkadziwa kuti mgolowo unapsa kale.

Maondo atawakana, a Cundiff anapuma pantchito. Chaka chotsatira mgolo uja unayamba kuthonya, ndipo panalibenso kudikira. Wisiki wambiri anali atauluka ndi kutentha kwa pamwamba paja, moti tinangopezamo mabotolo makumi asanu ndi limodzi ndi limodzi. Ndinalemba manambala ake ndi dzanja langa.

Chaka chimenecho boma la chigawo chathu linali litangolola kumene kuti mafakitale azitumiza mowa kunyumba kwa wogula, osadzera kusitolo. Ananditumiza kukaphunzira malamulo ake, ndipo ndinabwerako nditakula mutu. Zigawo zina zimalola katoni ya mowa kulowa, zina ayi. Ngakhale m'chigawo chololacho muli madera amene anthu anavota kuti mowa usagulitsidwe, ndipo kumeneko sutumiza. Pakatoni pamayenera kumatidwa chipepala chooneka bwino chonena kuti muli mowa, ndipo wolandira akhale munthu wamkulu, aonetse chiphaso, asaine. Ndinapachika mapu pakhoma, n'kubayapo mapini obiriwira ndi ofiira. Munthu akandifunsa kafunso kakang'ono, ndinkamuyankha ndime yonse ya lamulo mpaka atathawa.

Mayi Thornsberry, asananyamuke ulendo wokaona mchemwali wawo wodwala, anandiuza kuti, "Botolo loyambalo ndi la a Cundiff. Uona mmene ungachitire, Marlene."

Ankanena chiguduli. Sindinganame kuti sindinamve; ndinamva bwinobwino. Koma mumtima ndinati, munthu wamkulu ngati uja apatsidwe chinthu cha mwana wake ngati nkhuku yoba? Masiku obisa mowa anatha, lamulo likutilola, alandire pakhomo lakumaso ngati bwana. Ndinayang'ana adiresi yawo. Tauni yawo inali itavomera mowa zaka zitatu zapitazo, pini yake yobiriwira. Zaka anali nazo makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi. Ndinakulunga botolo, ndinaikamo kalata yosainidwa ndi antchito onse, n'kumata chipepala chija, chachikasu chowala, chimene ngakhale woiwala magalasi angachiwerenge ali tsidya la msewu. Malamulo a boma ndinawatsata onse, ndipo ndinapita kunyumba ndikudziyamikira.

Zimene zinachitika ndinazimva kwa Dewey Skaggs, dalaivala wa kampani yonyamula katundu, munthu wosasunga mawu m'kamwa. Lolemba sanapeze munthu. Lachiwiri chimodzimodzi, poti a Cundiff anali kuchipatala ndi maondo aja. Lachitatu unali ulendo womaliza, kukalephereka katoni ibwerere. Nyumba ya a Cundiff imayang'anizana ndi tchalitchi chawo, ndipo Dewey anaona pikapu yawo itaima pabwalo la tchalitchi. Lachitatu lililonse mpingo umadyera pamodzi dzuwa lisanalowe. Dewey anaganiza zowachitira chifundo, ananyamula katoni n'kulowa nayo muholo.

Anthu anali pamzere ndi mbale zawo, nkhuku yokazinga, nyemba, chigumu cha chimanga. Abusa anali atagwira chipande. A Verna ankadula keke.

"A Cundiff, mwandiyendetsa sabata ino!" anatero Dewey. "Katundu wanu uyu. Tulutsani chiphaso, madala, ndione ngati mwakwana zaka zomwera."

Palibe anaseka.

"Wachokera kuti?" anafunsa a Cundiff.

"Kwa a Thornsberry, kuntchito kwanu komwe. Tangomvani kulemera kwake. Si madzi a ubatizo amenewa."

Dewey akuti a Cundiff anayang'ana katoniyo nthawi yaitali. Ankadziwa chimene chinali m'katimo, chifukwa anzawo anali atawauza kuti mgolo uja wathiridwa. Dzanja lawo linanyamuka pang'ono, kenaka linabwerera m'thumba.

"Ine sindinaitanitse kanthu. Bwerera nazo."

"Ndi mphatso, madala. Mungosaina apa basi."

"Ndati sindikuzidziwa. M'nyumba mwanga simulowa zimenezo."

Katoni inandipeza Lachisanu, atalembapo kuti mwini wake wakana. Apa mpamene ndinayenera kuchita manyazi, koma ine ndinapsa mtima. Ndinayendayenda m'chipinda changa ndikutukwana ndekha. Zaka khumi ndi zitatu kusisita mgolo, lero kuukana pamaso pa anthu chifukwa cha ntchafu ya nkhuku? Ndinati ngati sakulifuna, alipo olifuna. Mabotolo ena onse anali atatha m'mawa umodzi pa intaneti, ndipo anthu anali pamndandanda wodikira. Woyamba anali dokotala wa mano wa ku Nebraska, pini yobiriwira. Ndinachotsa kalata ija, ndinamata adiresi yatsopano, katoni n'kunyamuka masana omwewo. Lachiwiri ndinaona pakompyuta kuti walandira, siginecha yake ili poyera.

Kumpingo nkhani sinathere muholo muja. Madikoni anzawo anawaitanitsa a Cundiff, ndipo Lamlungu anaimirira pamaso pa mpingo kufotokoza kuti sanaitanitse mowa ndipo samamwa. Udindo sanawachotse. Koma a Verna, amene ankandipatsa moni wa dzina kusitolo kuyambira ndili mwana, anayamba kuwerenga mitengo ya zitini ndikamadutsa.

Patatha milungu itatu, m'mawa wina ndikutaya makatoni ong'ambika, ndinaona pikapu ya a Cundiff kuseri kwa shedi ya chimanga. Kumbuyo kwake kunali chiguduli, choyalidwa bwinobwino. Ndinasiya makatoniwo pomwepo.

Ndinawapeza mu ofesi atakhala pampando wa alendo, ndodo ili pakati pa miyendo, chipewa pabondo.

"Mvula yavuta chaka chino, Marlene."

"Yavutadi, bambo."

"Chimanga cha kumtsinje chikhoza kupirira. Chakumtunda ndiye kaya."

Anacheza za chimanga, za mpira, za dokotala amene akufuna kuwaika bondo lachitsulo ngati thirakitala. Sanatchule katoni, sanatchule tchalitchi. Ankangondipatsa nthawi yoti ndituluke, monga mwambo unkafunira. Ndikanawauza zoona pomwepo. M'malo mwake ndinati ndikaone katundu, n'kuthamangira kuchipinda changa. Ndinatenga botolo la mgolo wina wa zaka zomwezo, ndinamatula chipepala chake, n'kumatapo chimodzi mwa zotsala za mgolo wa Royce. Nambala wani ndinailemba ndi dzanja lomwe lija. Ndinakalilowetsa pansi pa chiguduli, n'kubwerera kukamva mapeto a nkhani ya bondo.

Atangochoka ndinaimbira foni dokotala wa ku Nebraska uja. Ndinali wokonzeka kupita ndekha pagalimoto kukalitenga. Anasangalala kumva kuti ndine wa kufakitale. Anati analitsegula Loweruka pa tsiku lake lobadwa, iye ndi anzake asanu, ndipo silinafike Lamlungu. Anati sanalawepo wisiki wokoma chotero, ndipo anafunsa ngati tili ndi lina.

Masiku awiri ndinadzinamiza kuti nkhalamba ija sidzatsegula botololo. Samamwa, adzangoliika m'kabati kuseri kwa mabulangete, nkhani n'kutha. Ndinaiwala, kapena ndinasankha kuiwala, kuti munthu ameneyu anakhala moyo wake wonse ndi mphuno pabowo la mgolo.

Tsiku lachitatu anabwera. Ulendo uno anaimika galimoto kumaso, pamalo a alendo, ndipo sanalowe mu ofesi. Anafika patebulo langa lolongedzera, pansi pa mapu aja, n'kuika chiguduli patsogolo panga. Anachifutukula pang'onopang'ono. Chotsekera chinali chomatula, koma wisiki anali wodzaza mpaka m'khosi.

"Marlene, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Uyu wagona pansi, nsanjika yachiwiri, mbali ya kumtsinje. Ndi wabwino, palibe chomunena. Koma si wa Royce."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinawauza zonse, mutu uli pansi: za kupsa mtima kwanga, za mndandanda, za dokotala, za chipepala chabodza. Ndinayembekeza kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Iwo anangomvetsera, akusisita mutu wa ndodo ndi chala.

"Sindimafuna kumwa," anatero. "Ndimangofuna kumva fungo lake kamodzi. Tsiku lomwe tinkadzaza lija, iye anati, bambo, ukadzapsa mudzandiuze kuti ukumveka bwanji."

Anakweza maso n'kuyang'ana mapu.

"Nebraska ndi pati pamenepa?"

Ndinaloza pini yobiriwira. Anaiyang'ana ngati mmene Dewey ananenera kuti anayang'anira katoni ija.

"Munthuyo anasaina?"

"Anasaina, bambo."

"Osavuta?"

"Osavuta."

Anagwedeza mutu kawiri. Nkhope yawo inali itafiira mpaka m'makutu, ndipo ndinazindikira kuti manyazi a m'chipindamo sanali anga okha.

"Chabwino," anatero. "Bola Royce anapeza womusainira."

Anapinda chiguduli kanayi, anachisiya patebulo pafupi ndi botolo, n'kutuluka pang'onopang'ono ndi ndodo yawo.